Kukhutira mwa Khristu pabwalo la mpira ndi pa moyo wa ku Joni: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa si ochokera m'mutu mwanga. Ndawatola kwa abale ndi alongo amene timapemphera nawo kum'mwera kwa Johannesburg, makamaka anyamata amene timakumana nawo pabwalo Loweruka masana, ena atangoweruka kumene kuganyu, dothi la m'munda wa abwana likadali m'zikhadabo. Kale ndinkasewera kumbuyo. Bondo litandikana ndinapatsidwa wezulo ndi chigubu cha madzi, ndipo munthu wonyamula madzi amamva zambiri. Ena mwa mafunsowa anandifunsa mwaulemu, ena mokalipa titangogonja.

Kodi kukhutira kumene mumangotiuzaku n'chiyani kwenikweni?

Chichewa chathu chili ndi mawu awiri oyandikana, kukhuta ndi kukhutira. Kukhuta n'kwa mimba. Mukadya nsima masana, pofika madzulo njala yabweranso, ndipo mimba sikumbukira zadzulo. Kukhutira n'kwa mtima, ndipo kumatha kukhalapo ngakhale mimba ikulira.

Mawu amene timatsamira ali pa Afilipi 4:11-12. Paulo analemba kalatayi ali womangidwa. Akhristu a ku Filipi anamutumizira thandizo kudzera mwa Epafrodito, monga mmene ife timapatsira katundu munthu wokwera basi ku Park Station kuti akasiye kumudzi. Powathokoza, Paulo akunena kuti waphunzira kukhutira ndi zimene ali nazo, kuti kusauka akukudziwa ndipo kukhala ndi zochuluka akukudziwanso. Liwu limene ine limandigwira ndi loti waphunzira. Sanabadwe nako. Munthu amene ankalalikira kwa anthu a mitundu yonse anafunika kulowa sukulu ya njala, ya kumenyedwa ndi ya ndende kuti adziwe zimenezi. Ndiye musadabwe, achimwene, ngati inu simunafikepo mutakhala ku Joni zaka ziwiri zokha.

Koma vesi 13 likuti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu. Si lonjezo loti tipambana limenelo?

Vesi limeneli lalembedwa pa nsapato zampira zambiri kuposa vesi lina lililonse, ndipo ndikuganiza kuti ambiri olilemba sanawerenge mavesi awiri a pamwamba pake. "Zonse" zimene Paulo akunena wazitchula kale: kukhuta ndi njala, kusefukira ndi kusowa. Akunena kuti Khristu amamupatsa mphamvu yosenza zonse ziwiri popanda kusweka. Pabwalo ndiye kuti mphamvu yopambana 3-0 osanyoza amene mwawagonjetsa, ndiponso mphamvu yomwetsedwa zigoli zisanu n'kukagwirabe chanza woimbira.

Sindikukuletsani kulemba vesilo pa nsapato. Ndikungoti mukaliwerengenso tsiku limene mwaphonya penate.

Tonse timapemphera masewera asanayambe. Mulungu amamvera timu iti?

Pa masewera a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates ku FNB Stadium, m'bwalo mumalowa anthu pafupifupi 90,000, ndipo mbali zonse ziwiri muli Akhristu ogwada. Zikanakhala kuti pemphero ndi chigoli, masewera onsewo akanatha molepherana. Mlaliki 9:11 ananeneratu kuti othamanga kwambiri si amene amapambana liwiro nthawi zonse.

Tikumbukire 25 January 2022 ku Cameroon. Gabadinho Mhango anaponya mpira kuchokera kutali kwambiri n'kumwetsa Morocco, ndipo Amalawi a ku Yeoville, ku Mayfair ndi ku Diepsloot anakuwa ngati ali ku Ndirande. Flames inagonjabe 2-1. Kodi Mulungu anatimva kwa mphindi zochepa kenako n'kutembenukira kwina? Ine ndimapemphera kuti pasavulale munthu, kuti lilime langa lisandichititse manyazi, ndi kuti anyamata asewere ndi mphamvu zawo zonse. Za zigoli ndimasiyira miyendo yawo.

Ife tinabwera ku Joni chifukwa sitinakhutire ndi umphawi wa kumudzi. Ndiye tinalakwa?

Funso ili ndi limene limandivuta kwambiri, ndipo amene anandifunsa koyamba anali ndi mkwiyo womveka. Anati, "Akulu, kukhutira n'kwa anthu amene ali ndi mapepala ndi galimoto."

Ulendo wa ku Joni sunayambe ndi ife. Agogo athu ankabwera kuno kumigodi kudzera ku Wenela, mpaka ndege itagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Dr Banda n'kuimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Anthu amenewo sanali adyera. Ankafuna malata, njinga, fizi ya ana ndi ndalama ya msonkho. Baibulo silidzudzula zimenezo. Pa 1 Timoteo 5:8 likudzudzula amene sasamalira a m'banja lake. Paulo yemweyo ankasoka mahema kuti asalemetse anthu, ndipo pa 1 Akorinto 7:21 akuuza kapolo kuti mwayi womasuka ukapezeka autenge.

Pa zamasewera akunena momveka kuposa pamenepa. Pafupi ndi mzinda wa Korinto pankachitika mpikisano waukulu zaka ziwiri zilizonse, ndipo wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba. Pa 1 Akorinto 9:24-27 Paulo akuuza anthu odziwa mpikisano umenewo kuti athamange mwakuti akalandire mphotho, ndipo akuyamikira kudziletsa kwa othamanga. Palibe pamene akunena kuti khalani pansi chifukwa nkhata imafota. Akungokumbutsa kuti imafota.

Kusiyana kwake kuli apa. Mnyamata wina amathamanga chifukwa amakonda mpira ndipo akufuna timu ipambane. Wina amathamanga chifukwa akapanda kugoletsa amadziona ngati si munthu. Mukawayang'ana muli kunja kwa bwalo amaoneka ofanana, thukuta lake ndi limodzimodzi. Muwaone akatulutsidwa mphindi ya 60. Woyamba amamwa madzi n'kuyamba kuchemerera amene walowa m'malo mwake. Wachiwiri amaponya jezi pansi, ndipo sabata yamawa mumamva kuti wasamukira timu ina. Pantchito zimakhalanso choncho. Pali amene amadzuka 4 koloko kukakwera takisi ku Bree chifukwa ana akufunika kudya, ndipo pali amene amadzuka nthawi yomweyo chifukwa mnzake wa m'mudzi umodzi wamanga nyumba ya matailosi.

Ndiwonjezere chinthu chimodzi chifukwa ena amabisala kuseri kwa Baibulo pobera anthu. Kukhutira sikutanthauza kuti abwana akakumanani malipiro muziti ameni. Yakobo 5:4 akunena kuti malipiro obedwa a antchito amafuula mpaka kwa Ambuye. Dziko lino lili ndi lamulo la malipiro ochepetsetsa limene linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2019 pa R20 pa ola, ndipo limakwezedwa chaka ndi chaka. Kuyambira 2022 antchito a m'nyumba anaikidwa pa mlingo wofanana ndi antchito ena. Bungwe la CCMA limamva madandaulo a antchito, ochokera kunja omwe. Mkhristu wokhutira akhoza kukadandaula kumeneko mtima uli m'malo, popanda kuwotcha nyumba ya munthu kapena kumubera pobwezera.

Kubetcha pa mpira n'tchimo? Ndi R10 chabe.

Palibe vesi lotchula kubetcha pa foni, choncho sindidzakunamizani kuti lilipo. Chimene chilipo ndi 1 Timoteo 6:6-10, pamene Paulo akuti ofuna kulemera msanga amagwa mumsampha n'kudzilasa ndi zowawa zambiri.

Dziko lino kubetcha kwalowa paliponse. Ngakhale ligi yaikulu, kuyambira 2024, imatchedwa Betway Premiership. Sindikulimbana ndi makampani, akuchita bizinesi yawo ndipo amadziwa masamu awo. Chimene ndaona ndi maso anga n'chakuti kubetcha kumalanda munthu chisangalalo cha mpira. Tinkaonera masewera m'chipinda cha mnyamata wina ku Turffontein. Timu imene amaikonda kuyambira ali mwana inapambana 2-1, aliyense n'kudumpha, iye yekha ali duu, nkhope yagwa. Tikiti yake inkafuna zigoli zinayi. Munthu kukhumudwa timu yake itapambana! Ndinadziwa tsiku limenelo kuti amene akuonera mpira si iyeyo, ndi tikitiyo.

Za R10 ija, tengani kope mulembe ndalama iliyonse imene mwaika ndi imene mwawina kwa miyezi itatu, osabisa. Anthu amakumbukira R800 imene anawina mu March, koma ma R20 amene anapita tsiku ndi tsiku sawawerenga. Mukatha kuwerengera muyerekeze ndi mtengo wa thumba la feteleza kumudzi. Ngati mwafika pobwereka ndalama ya lendi kapena ya chipereganyu kuti mubweze imene inadyedwa, musadikire kuti muwine kaye. Uzani munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, lero lomwe.

Ambiri timapuma Lamlungu lokha. Kodi kusewera Lamlungu n'kulakwa?

Eric Liddell, wothamanga wa ku Scotland, anakana kuthamanga mamita 100 pa Olympics ya ku Paris mu 1924 chifukwa mpikisano woyambirira unali Lamlungu. Anathamanga mamita 400 n'kupata golide. Anthu amakonda kusiyira nkhaniyi pamenepo, ngati kuti Mulungu anamulipira ndi mendulo. Koma chaka chotsatira anapita ku China kukagwira ntchito ya umishonale, ndipo anamwalira mu 1945 ali mumsasa wa akaidi umene asilikali a Japan anatsekeramo alendo. Golide uja sanamutsatire kumeneko.

Ndimamulemekeza, koma sindimusandutsa lamulo la aliyense. Pakati pathu pali a Seventh Day amene tsiku lawo ndi Loweruka, ndipo Aroma 14:5 akuti aliyense atsimikize mumtima mwake. Mayi wogwira ntchito m'nyumba ku Sandton, amene amatuluka pageti kamodzi pa sabata, akapita kutchalitchi m'mawa n'kukasewera ntchemberembaye masana, ine sindiona mlandu. Vuto limayamba pamene mpira wayamba kudya nthawi ya mapemphero, mwezi wathunthu munthu osaoneka, koma pabwalo amafika woyamba. Ifeyo tinasankha Loweruka masana, ndipo a Seventh Day amasewera ndi timu ina Lamlungu. Palibe amene anakwiya.

Nanga mankhwala? Matimu ena amakhwima.

Inde, taonapo anthu akuwaza madzi pagolo, ena kukana kulowera pageti n'kudumpha mpanda. Pa timu yathu sitichita, ndipo sitiwaopa ochitawo. Munthu amapita kwa sing'anga chifukwa sangathe kupirira kugonja, ndiye nkhani yake ndi yomwe ija ya kukhutira. Komanso zikanakhala kuti zithumwa zimagoletsa, chikho cha dziko lonse chikanakhala chitatengedwa kalekale ndi timu ya ku Africa.

Mwana wanga ali ndi luso ndipo akufuna kudzasewera mu PSL, ligi yaikulu ya dziko lino. Ndimulimbikitse kapena ndimuletse?

Mulimbikitseni, amayi. Amalawi aonetsa luso m'dziko lino kwa zaka zambiri: Ernest Mtawali, John Maduka amene anasewera n'kudzakhalanso mphunzitsi ku Bloemfontein Celtic, Patrick Mabedi amene anali kaputeni wa Kaizer Chiefs, Esau Kanyenda amene anachoka ku Jomo Cosmos kupita ku Russia. Gabadinho anagoletsa zigoli 16 mu ligi ya 2019/20 ali ku Orlando Pirates, kufanana ndi Peter Shalulile pamwamba pa onse. Kwa atsikana, Temwa Chawinga anasankhidwa wosewera wopambana mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Luso ndi mphatso, ndipo mphatso sitiikwirira.

Koma mumuuzenso za Bidvest Wits. Timu ya muno mu Johannesburg, yokhazikitsidwa mu 1921, inatenga ligi mu 2017, Gabadinho ali momwemo. Mu 2020 inagulitsidwa, dzina n'kuzimiririka mu ligi, itangotsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100. Mumuuzenso za Wayde van Niekerk, amene anathamanga mamita 400 m'masekondi 43.03 ku Rio mu 2016, liwiro limene palibe anali atalifikapo, ndipo amalankhula poyera za chikhulupiriro chake. Chaka chotsatira anavulala bondo pa masewera ocheza a rugby, n'kukhala nthawi yaitali osapikisana. Ngati timu yonse ikhoza kutha, ndi bondo la katswiri wa dziko lonse likhoza kuduka pa masewera ongocheza, mwana wanu ayenera kudziwa kuti iye ndi ndani tsiku limene mpira udzamusiye. Sukulu asasiye. Ndipo munthu akabwera kuti ndi ejenti, n'kupempha ndalama kuti mwana akayesedwe ku timu yaikulu, gwirani chikwama chanu.

Chinanso, mukapita kukamuonera, pobwerera musayambe ndi funso loti wagoletsa zingati. Ana amamva msanga chimene makolo amawakondera.

Kumudzi amaganiza kuti kuno ndalama timatola. Foni ikalira mtima umagunda. Ndikhutira bwanji?

Amene anafunsa ndi mlongo wina wosamala ana ku Randburg, ndipo amayi onse amene analipo anavomereza ndi mutu. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mauthenga a pa WhatsApp anachuluka, ndipo ambiri mwa iwo ndi oona: chimanga chatha, mwana wabwezedwa kusukulu, agogo ali kuchipatala.

Koma tivomereze kuti mbali ina ya moto umenewu timaukoleza tokha. Munthu amagona m'kachipinda ka malata ku Tembisa, anayi pa matiresi awiri, koma chithunzi cha pa Facebook wajambulitsa ku Mall of Africa atatsamira galimoto ya eni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Achibale akaona chithunzicho n'kupempha foni yatsopano, alakwa chiyani? Kukhutira kumayamba ndi kusachita manyazi ndi moyo umene muli nawo. Auzeni lendi ndi zingati, takisi ndi zingati, ndipo mwezi uno mukhoza kutumiza zingati. Pa 2 Akorinto 8:12 akuti chopereka chimalandiridwa molingana ndi zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe. Ena adzakwiya, adzati mwasanduka mtchona. Mayi anu enieni adzamvetsa, ndipo kawirikawiri ankadziwa kale.

Pemphero la Aguri pa Miyambo 30:8-9 ndimalikonda chifukwa ndi la munthu wodzidziwa. Akupempha kuti asapatsidwe umphawi kapena chuma, kuopa kuti akakhuta angaiwale Mulungu, akasauka angabe. Sindinamvepo likupempheredwa pa mapemphero a usiku wonse. Kumeneko timakonda kupempha zitseko zotseguka.

Mungakhutire bwanji muli ndi mantha, mapepala atatha, anthu akuguba mumsewu kuti alendo achoke?

Sindidzanamizira kuti ndili ndi yankho lofewa. Amene tinalipo mu May 2008, chipwirikiti chitayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62 m'dziko lonse, timadziwa kugona titavala nsapato. Zinabweranso mu 2015 ndi 2019. Aliyense amadziwa wina amene anatengeredwa ku Lindela, kumene amatsekerako alendo asanawabweze kwawo.

Ahebri 13:5-6 amaika zinthu ziwiri pamodzi zimene ife timazilekanitsa. Akuti mukhutire ndi zimene muli nazo chifukwa Mulungu analonjeza kuti sadzakusiyani, kenako akuti tinene molimba mtima kuti munthu angandichite chiyani. Kalatayi inapita kwa anthu amene ena mwa iwo analandidwa katundu, monga mutu 10 ukunenera. Lonjezo lake si loti katundu sadzalandidwa.

Zochita zake n'zodziwika. Konzani mapepala ngati njira ilipo, ndipo pewani ogulitsa zidindo zabodza. Kukavuta, musatuluke kukaonetsa kulimba mtima, Paulo yemwe anatsitsidwa mudengu pa linga la Damasiko pothawa. Ndipo musabwezere chidani kwa mtundu wonse. Goloboyi wathu ndi Mzulu, ndipo tsiku lina kutavuta, ndi iyeyo amene anaimbira anyamata foni mmodzimmodzi kuwauza misewu yoti asadutse.

Ine mpira sindiutha. Zimenezi zikundikhudza bwanji?

Yesani kuthamanga kapena kuyenda ndawala. Pali parkrun, makilomita 5 aulere Loweruka lililonse m'mawa, imene m'dziko lino inayambira ku Delta Park mu 2011 ndi Bruce Fordyce, amene anapambana mpikisano wothamanga wa Comrades kasanu ndi kanayi. Mumangolembetsa pa intaneti. Wochokera kunyanja, ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, asadabwe mpweya ukamuthera msanga masiku oyamba, mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700. Paulo akuti pa 1 Timoteo 4:8 kulimbitsa thupi kuli ndi phindu pang'ono. Pang'ono si chabe, makamaka kwa ife odwala BP ndi shuga.

Comrades yomweyo muyionere pa TV mpaka kumapeto. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, ndipo maola 12 akakwana, mkulu wa mpikisano amaomba mfuti atafulatira othamanga. Amene watsala ndi masitepe atatu salandira mendulo. Muone nkhope za anthu amenewo. Ena amagwa pansi kulira, ena amaseka n'kukumbatira amene wawadutsa, ndipo chaka chamawa onse awiri amalembetsanso.

Nanga inuyo akulu, mumakhutira?

Masiku ena. Chaka chatha ndinachotsedwa ntchito imene ndinagwira zaka zisanu ndi zinayi, pondiuza Lachisanu kuti Lolemba ndisabwere. Loweruka lake ndinapita kubwalo monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinaimbira masewera moipa kwambiri. Ndinapereka khadi lofiira kwa mnyamata amene anangofunsa kuti yatsala nthawi yanji. Masewera atatha anabwera pamene ndinakhala, nati, "Adala, lero si inu. Chavuta n'chiyani?" Ndinamuuza. Sananditchulire vesi lililonse. Anatenga chigubu cha madzi chija n'kundinyamulira mpaka pokwerera takisi, ndipo Lachiwiri anandiimbira kuti bwana wake ku Booysens akufuna munthu wopenta kwa masabata awiri.

Khadi lija ndinalifafaniza m'kope. Koma anyamata sanaiwale, mpaka lero wina akafuna kudziwa nthawi amayamba wafunsa ngati ntchito ndili nayo.